Pogula home theatre, sipika yapakati iyambe kuganiziridwa

Nyengo yokolola ikafika, ndalama za fodya, soya ndi mtedza zikayamba kuyenda m'matumba, mashopu a zipangizo zamagetsi pa Mponela, Jenda, Lunzu, Balaka kapena Luchenza sakhala chete. Wogulitsa aliyense amatulutsa masipika pakhonde n'kutsegula nyimbo mpaka malata a shopu yoyandikana nayo kunjenjemera. Bambo wodutsa amaima, n'kuika dzanja pa chisipika chachikulu chija kuti amve mphepo ikutuluka pabowo pake. Kugunda kukangofika m'chifuwa, mtima umakhazikika kuti katundu ndi ameneyu.

Madzulo ake katunduyo ali pabalaza, banja lonse lasonkhana, filimu yayamba. Galimoto ikaphulika, matambula a m'kabati akuchita kulira. Koma anthu awiri a m'filimumo akangoyamba kukambirana, agogo akutembenukira kwa mdzukulu: "Iwe, wati chiyani ameneyo?" Mayi akupempha kuti voliyumu ikwezedwe. Ikangokwezedwa, mfuti yalira, khanda lomwe lidagona kuchipinda ladzuka. Bambo akutsitsanso. Filimu yonse imatha rimoti ili m'manja, uku kukweza, uku kutsitsa.

Mabanja ambiri zikatere amaloza chala filimuyo, ena amati agogo makutu adatha. Koma nthawi zambiri mlandu umakhala pa kasipika kamodzi kakang'ono kamene palibe adakayang'ana m'shopu muja: sipika yapakati, imene imakhala pansi kapena pamwamba pa wailesi yakanema. Banja lililonse loganiza zogula home theatre likuyenera kuyamba kufunsa za sipika imeneyi, zogunda zibwere pambuyo.

Pakatoni ya zipangizozi pamalembedwa nambala monga 2.1, 3.1 kapena 5.1. Nambala yoyamba ikunena kuchuluka kwa masipika wamba, pamene 1 wakumapetoyo ndi sabuwufa, chisipika cha besi chija. Pa 5.1 pali sipika yakumanzere, yakumanja, yapakati ndi ziwiri zakumbuyo kapena zam'mbali. Okonza mafilimu amagawa ntchito motere: nyimbo ndi phokoso lina zimapita kumanzere ndi kumanja, mvula, mbalame ndi phokoso la khamu la anthu zimapita kumbuyo, kugunda kumapita ku sabuwufa. Mawu olankhula pafupifupi onse amapita pakati. Ndiye kuti nkhani yeniyeni ya filimu, chimene wina walonjeza, bodza limene wina wanama, chifukwa chimene akumenyerana, zonsezo zikutuluka m'kabokosi kamodzi. Kabokosiko kakakhala kachabechabe, banja lagula mabingu koma nkhani yatsala kushopu.

Nzeru yoika sipika pakati si yadzana. M'chaka cha 1933, akatswiri a Bell Telephone Laboratories ku America adatumiza nyimbo za gulu la Philadelphia Orchestra pa mawaya kuchoka ku Philadelphia kukamveka muholo ina ku Washington, ndipo adagwiritsa ntchito masipika a mbali zitatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Filimu ya Fantasia ya Walt Disney, yomwe idatuluka mu 1940, idatsata njira yomweyo. Mu 1953, pamene filimu ya The Robe idabwera ndi chinsalu chotambalala cha CinemaScope, kuseri kwa chinsalucho kudaikidwanso masipika atatu. Chifukwa chake chidali chimodzi: muholo ya kanema anthu sakhala onse pamzere wapakati, koma aliyense ayenera kumva mawu akuchokera pakamwa pa wolankhulayo.

M'nyumba za anthu sipika yapakati idalowa mu 1987 ndi luso la Dolby Pro Logic. Dolby Digital, imene ndi gwero la 5.1 yomwe yafala lero, idayamba kutchuka m'maholo a kanema mu 1992 ndi filimu ya Batman Returns, kenako idafika m'makomo kudzera m'zimbale za DVD zomwe zidayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996. Kuno kwathu kanema wa boma adayamba kuonetsa mu 1999, ndipo m'zaka zotsatira ma DVD, madikoda ndi ma home theatre adayamba kudzaza m'mashopu. Zipangizo zidafika, koma kufotokoza ntchito ya sipika iliyonse sikudabwere nawo.

Wina akhoza kufunsa kuti masipika awiri okha sakwanira bwanji, popeza nyimbo zimamveka bwinobwino. N'zoona, masipika awiri akamatulutsa mawu ofanana, khutu limanyengeka n'kumva ngati mawuwo akuchokera pakati. Koma chinyengo chimenechi chimagwira kwa munthu yekhayo amene wakhala molunjika pakati pa masipikawo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo ubongo umakhulupirira mawu amene ayamba kufika kukhutu. Munthu wokhala chakumanzere amayamba kulandira a sipika yakumanzere, choncho amaona munthu akulankhula pa sikirini koma mawu ake akuchokera pakona ya nyumba.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza mabanja a kuno mwapadera. Pabalaza la pa Ntcheu kapena pa Liwonde sipakhala munthu mmodzi. Mpando wapakati nthawi zambiri ndi wa bambo. Mayi ali pasofa yam'mbali, ana ali pamkeka kutsogolo, agogo ali pafupi ndi khomo, ana a aneba adzaza pamene patsala. Masipika awiri amatumikira wa pampando wapakati yekha. Sipika yapakati imatumikira onse, chifukwa mawu ake amachokeradi pamene pali chithunzi, kaya munthu wakhala kuti. Bambo amene amaonera banja lake akagula chinthu cha nyumba yonse, ayenera kufunsa ngati wokhala pakona adzamva nawo.

Palinso nkhani ya makutu. Mbali ya mawu a munthu imene imathandiza kumva tanthauzo siili m'besi. Lamya zakale zinkangodutsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 hertz, koma anthu ankamvana. Timawu tosiyanitsa "sala" ndi "tsala", "pala" ndi "phala" kapena "fula" ndi "sula" ndi topyapyala, ndipo tili pamwamba kwambiri poyerekeza ndi kugunda kwa sabuwufa, kumene nthawi zambiri sikupyola 120 hertz. Munthu akamakalamba, mawu opyapyalawa ndi amene amayamba kumusowa. N'chifukwa chake agogo amamva bwino lomwe kuti mfuti yalira koma osamva chimene wophedwayo adanena. Besi yambiri imakwiriranso timawu timeneti. Kuonjezera sabuwufa m'nyumba momwe muli okalamba kuli ngati kuthira mchere wina m'ndiwo zomwe zawawa kale.

Banja lopanda sipika yapakati yabwino limathamangira kukweza voliyumu, ndipo mtengo wake umalipidwa ndi makutu a ana amene amakhala pafupi kwenikweni ndi masipika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limati munthu wamkulu akhoza kumvera phokoso la ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, koma phokosolo likafika pa 90, nthawi yake imatsika kufika pa maola 4 okha pa sabata. Khutu likaonongeka ndi phokoso silichira. Ndipo m'nyumba za lendi zogundizana zipupa, besi ndi imene imadutsa khoma mosavuta n'kukadzutsa mwana wa eni ake. Makangano ambiri a pa mdadada amayamba ndi filimu imene eni ake sankamva bwino mawu ake. Mawu akamamveka voliyumu ili pansi, aliyense amagona mwamtendere.

Tsono sipika yapakati yabwino imadziwika bwanji? Choyamba n'chakuti ifanane mawu ndi masipika awiri akutsogolo aja. Munthu wa m'filimu akamayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja akulankhula, mawu ake amadutsa masipika atatu. Yapakati ikakhala ya mtundu wina, munthuyo amasintha mawu pakatikati ngati wagwidwa chimfine. Njira yapafupi ndi kugula masipika atatuwo a kampani imodzi ndi a banja limodzi. Akatswiri ambiri amati chabwino koposa ndi masipika atatu ofanana ndendende, kungoti sipika yoimirira imatchinga sikirini, n'chifukwa chake yapakati imapangidwa yogona.

Kugonaku kuli ndi vuto lake. Masipika ambiri apakati ali ndi timasipika tiwiri tofanana, kena kumanzere kena kumanja, ndi kakang'ono ka mawu opyapyala pakati, kamene amisiri amakatcha tweeter. Kwa wokhala molunjika zonse zimamveka bwino. Kwa wokhala pambali, mawu a timasipika tiwiri tija amafika pa nthawi zosiyana pang'ono, ena n'kumafafanizana, ndipo mbali imene imazimirira ndi yomweyo ya mawu olankhula. Masipika ena amapewa vutoli poika kasipika kapadera ka mawu apakatikati pansi penipeni pa tweeter, ena amaika tweeter m'kati mwa sipika inzake. Oterewa amakwera mtengo, koma ngakhale pa otchipa pali kusiyana, ndipo khutu likhoza kukugwira.

N'chifukwa chake kuyesa sipika m'shopu kuyenera kusintha. Wogulitsa amadziwa chimene chimagulitsa katundu: nyimbo ya besi yambiri ndi mawu akuti, "Bwana, iyi ikagunda mudzi wonse umva." Wogula wanzeru apite ndi fulashi yake yomwe muli anthu akulankhula, kaya ndi nkhani, ulaliki kapena gawo la filimu, mawu a mwamuna ndi a mkazi omwe. Apemphe kuti sabuwufa itsitsidwe, voliyumu ikhale pansi ngati ya usiku ana atagona. Amvere ali kutsogolo, kenako asunthe masitepe awiri kumanzere, awiri kumanja, ayesenso atanjuta ngati mwana wa pamkeka. Ngati mawu akumveka ngati munthu akulankhulira mumtsuko, kapena "s" aliyense akuchita kulasa m'khutu, sipikayo si yake. Kupita ndi mayi kapena agogo kukayesa nawo si kutaya nthawi, pakuti iwowo ndi amene adzakhale pambali. Safunsa adadya phula.

Manambala a pakatoni nawo amafuna kuwawerenga modekha. Zipangizo zambiri zotchipa zimalembedwa mawatsi zikwizikwi ndi zilembo za PMPO pambali. Nambala imeneyi ilibe muyezo umodzi wovomerezeka, kampani iliyonse imalemba momwe yafunira. Yoyenera kuyang'ana ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe chipangizo chingatulutse mosalekeza. Pali njira ina yosavuta: kuseri kwa chipangizo kumalembedwa magetsi amene chimadya. Chipangizo chodya mawatsi 60 kuchoka pakhoma sichingatulutse mawatsi 5,000, monganso ndowa ya malita 20 singadzaze diramu. Pa sipika yabwino pamalembedwanso nambala ya sensitivity, monga 86 kapena 89 dB. Kusiyana kwa 3 dB kokhako kukutanthauza kuti ya 89 imafuna theka la mphamvu imene ya 86 ikufuna kuti zimveke mofanana. Kwa banja lodalira sola kapena batire, nambala imeneyi ili ndi phindu kuposa mawatsi a pakatoni.

Ena amagula sipika yapakati payokha, mwina yakale yochokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam, kuti alumikize pa zipangizo zomwe ali nazo kale. Apa pafunika kuonetsetsa zinthu ziwiri. Ampulifaya ikhale ndi malo akeake olembedwa kuti Centre, chifukwa sipika payokha singasankhe mawu olankhula kuchoka m'nyimbo, ntchito imeneyo ndi ya ampulifaya. Kachiwiri, ma ohm agwirizane. Masipika ambiri ndi a 4, 6 kapena 8 ohms, ndipo kuseri kwa ampulifaya kumalembedwa amene imalola. Chizolowezi chopotera mawaya a masipika awiri pamalo amodzi ndi chimene chimadzaza mabenchi a okonza mawailesi. Masipika awiri a 8 ohms akalumikizidwa motero amasanduka 4, awiri a 4 amasanduka 2, ndipo ampulifaya yosapangidwira zimenezo imatentha mpaka kupsa.

Sipika yabwino ikhozanso kuonongedwa ndi malo amene yaikidwa. M'nyumba zambiri imakankhidwira m'kati mwa shelefu ya kabati, kutsogolo kwake n'kuikapo chithunzi cha ukwati, maluwa apulasitiki ndi kansalu koluka pamwamba. Mawu amayamba agunda matabwa asanafike kwa anthu. Iyenera kukokedwa mpaka kumapeto kwenikweni kwa shelefu, kutsogolo kwake kopanda chotchinga, pafupi ndi sikirini, ndipo iloze kumakutu a anthu okhala pansi. Ikakhala m'munsi kwambiri, kachidutswa ka labala pansi pake chakutsogolo kamaidzutsa pang'ono. Waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Amene akugwiritsabe ntchito kanema wakale wa chimsana kumbuyo asamale, popeza maginito a sipika yosatetezedwa amasokoneza mitundu ya chithunzi. Makanema opyapyala a masiku ano alibe vuto limeneli.

Chipinda nachonso chimalankhula. Pansi pa simenti kapena matailosi, zipupa zopanda kanthu ndi denga la malata lopanda siling'i zimabweza mawu, ndipo mawu obwererawo amasokoneza oyamba aja. Kapeti kapena mkeka pakati pa sipika ndi mipando, makatani olemera pamawindo, ndi kuchotsa tebulo lagalasi kutsogolo kwa sipika zimasintha zinthu popanda kugula chipangizo china. Pa ampulifaya zomwe zili ndi malo osinthira, sipika yapakati ilembedwe kuti Small, malire a besi aikidwe pa 80 hertz kuti kugunda kupite ku sabuwufa, ndipo mphamvu ya Centre ikwezedwe ndi 2 kapena 3 dB. Zambiri zilinso ndi batani la Night, limene limachepetsa kusiyana kwa phokoso lalikulu ndi manong'onong'o. Mabanja ena ali nazo kale zonsezi, kungoti kabuku ka malangizo kadatayidwa limodzi ndi katoni.

Otsutsa maganizo amenewa ali ndi mfundo zomveka. Yoyamba n'njakuti zambiri zimene anthu amaonera m'matauni ang'onoang'ono sizili mu 5.1. Nyimbo za pafulashi, mafilimu okopedwa pamsika ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, momwe mawu a womasulira amaikidwa pamwamba pa mawu enieni, nthawi zambiri zimakhala ndi njira imodzi kapena ziwiri za mawu basi. N'zoona, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezi. Koma ampulifaya yokhala ndi Pro Logic kapena luso lofanana nalo imatenga mawu amene ali ofanana kumanzere ndi kumanja n'kuwatumiza pakati, ndipo mawu olankhula amakhala oterowo. Choyenera kuchenjera nacho ndi zipangizo zina zotchipa zolembedwa 5.1 zomwe zimangogawira masipika onse mawu amodzimodzi. Pozindikira n'posavuta: kuika khutu pa sipika yakumbuyo filimu ikuseweredwa. Ngati anthu akulankhula mokweza kumbuyoko chimodzimodzi ndi pakati, chipangizocho ndi nkhuyu yokoma kunja.

Kuonjezera apo, zoonera zikusintha. Mafilimu a pa intaneti ambiri amabwera ndi 5.1, ndipo ena ndi a chilankhulo cha kuno. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, ili ndi zokambirana zambiri za m'Chichewa. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, mafilimu amene mphamvu yake ili m'zolankhula za anthu. Ngakhale wokonda mpira amafuna kumva woulutsa pamwamba pa phokoso la ochemerera. Komanso 5.1 yeniyeni imafuna chingwe cha HDMI kapena cha optical, chifukwa tizingwe tiwiri tofiira ndi toyera tija timangonyamula njira ziwiri.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo imeneyi njolemera kuposa zonse. Kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera. Banja limene silinagule feteleza kapena kulipira fizi lisapite n'komwe kushopu ya masipika. Palibe sipika imene ingalowe m'malo mwa thumba la chimanga mu Febuluwale. Koma kwa amene atsala ndi kangachepe ndipo atsimikiza kugula, ndalama yochepayo ndi chifukwa chinanso choganizira bwino. Masipika atatu abwino akutsogolo amaposa timabokosi tisanu ndi kamodzi tapulasitiki. Akumbuyo akhoza kudikira chaka chamawa, popeza ntchito yawo njochepa ndipo m'nyumba zambiri amangounjikidwa kutsogolo komweko chifukwa mawaya ndi aafupi. Wosafuna mawaya ambiri akhoza kugula soundbar, sipika yaitali yogona pansi pa kanema, koma ayang'ane yolembedwa 3.0 kapena 3.1, chifukwa ya 2.1 ilibe sipika yapakati.

Ogulitsa nawo ali ndi mbali yawo. Kasitomala amene wagula mabingu n'kukalephera kumva filimu sabwereranso, ndipo amauza anzake. Wogulitsa amene angaphunzire kusiyanitsa RMS ndi PMPO, n'kumasunga fulashi ya mawu olankhula pambali pa ya nyimbo, adzapeza makasitomala okhazikika. Achinyamata a m'nyumba, amene ndiwo amadziwa mabatani a rimoti, athandize makolo posintha zofunika m'malo mongokweza besi makolo akachoka.

Home theatre imagulidwa kamodzi pa zaka zambiri, ndipo imagulidwa ndi thukuta la chaka chonse la banja lonse. Muyezo wake usakhale kuti aneba amva kuti kwagulidwa chinthu. Filimu ikatha, wina afunse agogo a pafupi ndi khomo aja kuti nkhani yake inali yotani. Akaifotokoza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto popanda kuthandizidwa, ndalama ija yagwira ntchito.